Fulashi Yopanda Chithunzi

Ndinajambula maukwati ku Bindura kwa zaka zoposa khumi, koma palibe ukwati ndi umodzi womwe umene ndinapitako m'mimba muli bata. Anthu ankaganiza kuti ntchito yathu ndi yongosekerera ndi kudya mpunga wa eni ake. Sankadziwa kuti Loweruka lililonse la ukwati ndinkadzuka m'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna mankhwala a malungo, ndipo ndisanavale nsapato ndinkakhala nditapita kale kuchimbudzi katatu. Zimbudzi za m'komboni ya pamgodi zinali za tonse, mzere umodzi kuseri kwa nyumba, ndipo nyengo yotentha fungo lake linkakuchingamira uli patali. Ndinkanjuta mmenemo nditakwinya thalauza la suti m'manja kuti lisakhudze pansi, ntchentche zikunditera pamilomo, ine ndikubwereza chamumtima: filimu, mabatire, fulashi.

Manthawo anali ndi chifukwa chake. Kamera ya masiku amenewo sinkakuonetsa chimene wajambula. Filimu tinkaitumiza ku Harare kuti akaitsuke, ndiye unkadikira mlungu wathunthu usakudziwa ngati wagwira ntchito kapena wangosewera. Mwana wa sukulu chithunzi chake chikapsa umamuitananso. Ukwati suitanidwanso. Ndinkadziwa mkulu wina amene anajambula ukwati wonse, kuyambira kutchalitchi mpaka pa keke, osazindikira kuti filimu sinakole m'kati. Abale a mkwati anamukhalira pakhomo masiku awiri, mpaka anasamukira ku Shamva. Ine ndinayamba kujambula mwala utandiphwanya phazi pansi pa mgodi, choncho ndinalibe ntchito ina yothawirako.

Ukwati umene ndikufuna kunena pano unachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mkwati ndinkamudziwa kuyambira ali wamng'ono. Bambo ake ndi bambo anga anachokera limodzi kumbali ya Dedza. Anga analowa mumgodi, ake anakathera pa pulazi ya fodya ku Matepatepa, ndipo anamwalira komweko. Mwanayo anali wanzeru. Atakhoza mayeso, amayi ake anamubweretsa kwathu kuti azikaphunzira sekondale m'tauni, ndipo zaka ziwiri tinkagona pa mphasa imodzi, iye akunditchula achimwene. Kenako anapeza ntchito ya ukalaliki ku ofesi ya mgodi, anamupatsa nyumba ya magetsi, n'kuyamba kuvala tayi. Amene ankamukwatira anali namwino, mwana wa mphunzitsi wamkulu wa ku Musana.

Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri, mkwatiyo anafika pakhomo panga. Ndinamukokera benchi koma sanakhale. Anandilonjera m'Chishona, akunditchula mukoma m'malo mwa achimwene, ndipo nkhani yonse anaikamba m'Chishona, ngakhale ine ndinkamuyankha m'Chichewa chimene tinakulira. Anayamba ndi kufunsa za nthawi, za mafilimu angati, kenako anafunsa ngati n'zotheka kuti fulashi iwale popanda chithunzi kujambulidwa.

Apa ndi pamene manyazi anga amayambira. Ndinaganiza kuti akungochita chidwi ndi ntchito yanga. Ndinalowa m'nyumba mokondwa, n'kutulutsa kamera, n'kumuonetsa kabatani kofiira kuseri kwa fulashi kamene timayesera mabatire. Ndinakadina kawiri, kuwala n'kumenya pakhoma. Ndinamufotokozera monyadira kuti munthu woima kutsogolo sangasiyanitse ngakhale pang'ono.

Anagwedeza mutu. Ndiye anati anthu a kupulazi abwera pa thirakitala, ndipo akadzafola kuti ajambulidwe, ndidzangowawalitsira.

Ndinamufunsa ngati amayi ake anali m'gulu lomwelo.

"Amayi ndidzawajambulitsa padera tsiku lina," anatero akuyang'ana kumsewu. "Buku la zithunzi lidzakhala patebulo kwa apongozi, lidzayendanso m'manja ku ofesi. Mukudziwa zimene amatinena kale."

Ndinkadziwa. Ankatitcha mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale ife obadwira konkuno amene Blantyreyo sitinamuonepo. Mkwatiyo anati pachithunzi cha banja adzaima ndi azakhali ena a ku Harare, mkazi wa msuweni wa bambo ake, amene ankadziwa kuvala chipewa. Apongozi akewo ankadziwa bwino lomwe kumene iye anachokera, popeza anakambirana nawo za malowolo, ndipo sanapemphe zoterezi. Anali maganizo ake yekha.

Sindinavomere. Sindinakanenso. Ndinangoti tidzaona, ndipo iye anamva kuti ndavomera, ine ndikudziwa kuti wamva choncho. Zithunzi za makhadi a antchito atsopano a pamgodi zinkabwera kwa ine kudzera pawindo lake la ku ofesi, ndipo chimenecho chinali m'mutu mwanga nthawi yonse imene ankalankhula. Sindingabise.

Mkazi wanga anamva zonse ali m'nyumba. Lachisanu anachapa malaya anga oyera, n'kuwasita ndi simbi yamakala monga ankachitira nthawi zonse. Akundipatsira malayawo anangoti, "Mayi ake aja ndi amene anandisambitsira mwana wathu woyamba, inu muli kuntchito." Anabwerera kukasesa.

Loweruka m'mawa thupi langa linandichita zimene linali lisanandichitepo. Tiyi amene ndinamwa ndinamusanza kuseri kwa nyumba, nkhuku za oyandikana nawo n'kuthamangira kudzajompha. Kuchimbudzi ndinapita kasanu. Poika filimu m'kamera manja anali noninoni ndi thukuta, nsonga ya filimu ikuterereka, ndipo ndinatsegula ndi kutseka katatu ndisanakhulupirire kuti yakola. Malaya ositidwa aja anali atanyowa kale m'khwapa dzuwa lisanakwere, ndikudzimva ndekha fungo lowawasa. Masiku onse ndinkaopa kuti zithunzi sizituluka. Tsiku limeneli ndinkaopa zomwezo, n'kumaopanso ntchito ina yoti zithunzi zisatuluke, ndipo mantha awiriwa ankakangana mumtima mwanga.

Ndikupalasa njinga kupita kutchalitchi ndinapeza nzeru. Ndinati ndidzajambula chimodzi chenicheni mwakachetechete. M'phokoso la nthungululu palibe angamve kamera ikulira. Chithunzicho sindidzachiika m'buku, ndidzakapereka ndekha kupulazi. Nditaganiza zimenezi mtima unakhalako pansi, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wabwino.

Thirakitala inali itafika kale. Inaima patali ndi tchalitchi, pansi pa mitengo ya bulugamu, chifukwa woyendetsa anauzidwa kuti asayandikire pamene pankaima magalimoto. Anthu khumi ndi angapo anali atatsika m'ngolo, akupukutana fumbi. Anabweretsa chigubu cha madzi, ndipo amayi ankatsuka mapazi mosinthana asanavale nsapato zimene ananyamula m'manja ulendo wonse.

Amayi a mkwati anandiona ndisanawaone. Anali munthu wamfupi, wa mphini m'masaya, zala zawo zakuda ndi utomoni wa fodya umene sopo sauchotsa. Anavala diresi labuluu lobwereka ndi nsapato zoyera zowakulira, atatsendera mapepala kutsogolo. Ndinagwada pang'ono powapatsa moni, iwo n'kugwira manja anga onse awiri. Anadabwa kuti ndi ozizira komanso onyowa, n'kundifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, ndimatero tsiku la ntchito. Anaseka, anamasula mfundo ya nsalu n'kundithira mtedza wokazinga m'thumba la jekete, akuti munthu sagwira ntchito ndi njala.

Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti chibadwire anajambulidwapo kamodzi kokha, pa chitupa, ndipo anatuluka ngati wakuba.

"Lero undijambule bwino, mwanawe," anatero. "Undiimike mbali iyi. Diso lina ili limatuluka misozi lokha, anthu angamati ndikulira."

Ndinawalonjeza kuti ndiwaimika bwino.

M'tchalitchi ndinagwira ntchito monga mwa masiku onse. Chodabwitsa cha mantha a ntchitoyi n'chakuti ukangodina koyamba, amangotha okha. Ndinagwira mkwatibwi akulowa ndi bambo ake, mphete ikulowa pachala, abusa atakweza dzanja, kusaina m'kaundula. Ndinkayenda chowerama m'mbali mwa mabenchi, phazi langa lopunduka likukwakwaza pansi, osaganiza china chilichonse.

Titatuluka tinapita pakhonde la tchalitchi, pamthunzi, pamene ndinkafoletsa anthu. Ndinayamba ndi a kuchikazi. Aphunzitsi aakulu aja ndi akazi awo, azichimwene a mkwatibwi, anamwino anzake. Kenako a ku ofesi. Kenako mkwati anaitana azakhali a chipewa aja, anaima pambali pake, ndinajambula. Anthu a kupulazi anali ataima padzuwa akudikira, palibe wodandaula.

Amene anawaitana anali mkwatibwi. Anatsika sitepe imodzi atanyamula diresi lake, n'kukagwira apongozi ake padzanja, n'kuwakwezera pakhonde. Anawakonzera duku limene linapendekeka. Pamenepo ndinadziwa kuti iyeyo sakudziwa kanthu. Ena onse anakwera, amalume awiri ovala majekete a m'manja mwafupi, alongo a mkwati, ana. Ndinawakonza mosamala, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo. Amayi aja ndinawaimika mbali imene anapempha. Ndinabwerera m'mbuyo masitepe asanu n'kukweza kamera.

M'kagalasi ndinaona gulu lokongola kuposa onse a tsikulo. Palibe ankaphethira, palibe ankayang'ana kumbali. Chala changa chinali pa batani lenileni. Ndiye ndinaona maso a mkwati. Sankayang'ana galasi la kamera monga ena onse, ankayang'ana chala changa chachikulu, chimene chimakoka kachitsulo kopititsa filimu patsogolo ukajambula. Ndinamuonetsa ndekha Lachinayi lija mmene zimayendera. Sanakwinye nkhope. Anangoyang'ana.

Ndinasuntha chala n'kudina kofiira kaja.

Kuwala kunamenya pankhope zawo, amayi n'kuimba nthungululu. Amalume mmodzi anati ndibwereze chifukwa anatsinzina. Ndinabwereza. Kenako amayi a mkwati anapempha chimodzi cha iwo ndi mwana wawo basi. Ena anapatuka. Anamugwira pamkono ndi manja onse awiri, mutu wawo ukulekeza paphewa pake, anaimika khosi n'kutseka pakamwa kuti mano otsala asaoneke. Ndikanatha kujambula pamenepo. Palibe akanandimenya, palibe akanandilanda kamera. Ndinadinanso kofiira.

Chimene sindinachiiwale ndi kumwetulira kwa mkwati pa kuwala kwachitatuko. Tsiku lonse ankamwetulira mouma, ngati munthu amene nsapato zikumuthina. Apa anamwetulira momasuka, mano onse panja, atawakumbatira amayi ake ndi dzanja limodzi. Anamasuka chifukwa ankadziwa kuti palibe chikujambulidwa. Ndinatembenuka n'kumanamizira kupukuta galasi.

Madyerero anali mu holo ya pamgodi. Anthu a kupulazi anawakhazika pafupi ndi chitseko, ndipo anasangalala kuposa wina aliyense. Povina amayi aja anavula nsapato zoyera zija n'kuvina chopanda nsapato, mkwatibwi akuwaombera m'manja. Pamenepo ndinaloza kamera kwina. Anandipatsa mbale ya mpunga ndi nkhuku, ndinaiika pawindo, ndipo pamene ndinabwererako mafuta anali ataundana pamwamba, ntchentche ziwiri zitamiramo. Dzuwa likupendeka, mkwati anandipeza pakhomo ndikumanga chikwama panjinga. Anandisisita paphewa n'kunena kuti ndagwira ntchito yabwino. Dzanja lake linali la mafuta a nkhuku, ndipo linasiya zala zinayi pa jekete langa. Mkazi wanga anayesa sopo, anayesa palafini, banga lija linangofalikira.

Zithunzi zinabwera patapita mlungu. Zinatuluka bwino kwambiri, mwina kuposa za ukwati wina uliwonse umene ndinajambula zaka zimenezo. Ndinazimata m'buku n'kukapereka. Mkwati anatsegula tsamba ndi tsamba, anafika kumapeto, anatseka, n'kunena kuti zili bwino.

Patapita milungu itatu, Lamlungu masana, amayi aja anafika kwathu. Anakwera lole ya pulazi mpaka pamphambano, kwinako anayenda pansi. Anavala zovala zawo za masiku onse ndi nsapato za matayala, atasenza masuku m'kansalu. Anakhala pamkeka ndi mkazi wanga, anamwa madzi, anafunsa za ana mmodzimmodzi. Atapuma ndi pamene ananena chimene anadzera. Anati anadzera kunyumba kwa mwana wawo, anaona buku lonse, n'lokongola, koma mwana wawo wawauza kuti zithunzi za anthu a kupulazi zikadali kwa wojambula.

Choncho mkwati uja anawatumiza kwa ine. Bodza lake lomaliza anandisiyira ine kuti ndilinene.

Mkazi wanga anaimirira n'kukaima pakhomo, atapinda manja, akundiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi n'kunena kuti filimu inapsa pamalo pamenepo. Ndinawonjezera zambiri zosafunika, za kutentha, za anthu otsuka ku Harare, za kuwala kolowa m'kamera. Mawu ankangotuluka okha, osalala, ngati ndinawakonzekera.

Amayi aja anasalaza nsalu pamaondo. Anafunsa ngati chija cha awiri chinapsanso. Ndinati inde.

Zimene ananena pambuyo pake zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Anandigwira pabondo n'kunena kuti ndisadandaule, zinthu za makina zimatero. Anati anaona okha m'mawa muja kuti sindinali bwino m'thupi. "Koma usamuuze msanga mng'ono wakoyo," anatero. "Amapsa mtima. Angakuchotsere ntchito pa chinthu choti sunachite dala. Ndidzamuuza ndekha kuti ndinalandira."

Mkazi wanga analankhula ali pakhomo pomwepo, mawu ake ali ouma. Anati kamera ili m'nyumba, filimu ilimo, mayi ajambulidwe pompano. Iwo anadziyang'ana, anayang'ana nsapato zawo, n'kuseka pang'ono. Anati diresi lija anabweza kwa mwini wake, ndiponso munthu kuima wekha pachithunzi n'chimodzimodzi chitupa. Adzabwera tsiku lina akadzabwerekanso, mwana wawo akadzakhala ndi mpata. Ndinawaperekeza mpaka pamphambano, akundifotokozera za mbande za fodya zimene zinali kudikira mvula. Sanabwerenso kudzajambulitsa. Masuku aja anadya ana.

Lolemba ndinapita ku ofesi ya mgodi ndili ndi mawu okonzeka. Ndinkati ndikamuuze mkwati uja kuti ndi munthu wonyansa, ndiponso kuti asadzapondenso pakhomo panga. Nditafika pawindo anandilonjera mwansangala, n'kundipatsira pepala la mayina a antchito atsopano ofunika zithunzi za makhadi. Ndinalandira pepalalo. Ndinathokoza. Ndinabwerera kunyumba nditalipinda bwinobwino m'thumba, ndipo masiku angapo sindinkafuna kudziona pagalasi pometa ndevu.

Zinakhala choncho pafupifupi chaka. Ndiye tsiku lina mkati mwa mlungu kunabwera mkazi wake uja, ali ndi pakati, atavala yunifolomu ya unamwino. Ankafuna tizithunzi ting'onoting'ono ta mapepala a kuntchito. Ankanditchula babamukuru, monga Mshona amatchulira mkulu wa mwamuna wake. Ndinapachika nsalu yoyera pakhoma n'kumuikira mpando. Ndikukonza kamera anandifunsa, mwaulemu ndithu, ngati filimu imatha kupsa zithunzi zitatu zokha zapakati, n'kusiya cha kumbuyo ndi cha kutsogolo zili bwinobwino. Anati wakhala akuyang'ana buku lija. Chithunzi cha azakhali a chipewa chilipo, cha galimoto ikunyamuka chilipo, ndipo pakati pa ziwirizi iye akukumbukira bwino amene anaima pakhonde. Anatinso apongozi ake anamuuza kuti analandira zithunzi zawo, koma atapita kupulazi sanazione pakhoma, ndipo atawafunsa anasintha nkhani.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaulula chifukwa cha kulimba mtima. Ayi. Anandipanikiza pakona, ndipo bodza lina linandisowa. Ndinamuuza zonse, kuyambira Lachinayi lija, osasiyapo mbali yanga.

Sanalire, sanakweze mawu. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati mwamuna wake anandiopseza. Ndinati ayi, sanandiopseze. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mmene namwino amayang'anira bala lonunkha limene mwini wake analibisa nthawi yaitali. Kenako anakhala tsonga pampando, anakonza kolala, n'kunena kuti ndijambule, ali ndi odwala akumudikira.

Zimene zinakambidwa kunyumba kwawo sindikuzidziwa. Banja lawo silinathe, anabereka ana atatu. Ndinamva kwa alongo a mwamunayo kuti mkaziyo ankapita yekha ku Matepatepa mwezi ndi mwezi, ndipo pamene amayi aja anafooka ndi chifuwa, ndi iyeyo anakawatenga n'kudzawasunga m'nyumba ya magetsi ija mpaka anamwalira. Mwamunayo anasiya kundilonjera, zithunzi za makhadi zinapita kwa wojambula wina wa m'tauni. Mkaziyo tikakumana pamsika ankandilonjera, koma mwachidule, osaima, ndipo ana ake onse atatu anakawajambulitsa kwina.